Linga la Nyakoko Alimanganso

Amayi, kaya mukukhala bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo. Mapira acha bwino ngakhale mbalame zinatisautsa, koma thonje la kudimba linapita ndi madzi. Mdzukulu wanu Nsai wabereka mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yomwe ija, sitingakane.

Chandikhazika pansi ndi linga la Sinyoro Nyakoko, kutsidya kwa Shire, kumene munakulira muli kapolo. Adzukulu ake abwera kuchokera ku Kilimani ndipo alimanganso. Makoma apaka njereza, mizinga iwiri aipala dzimbiri, azungu a pa sitima ya pamadzi amatsika kudzaona. Paja munkatigwiritsa pamutu panu pomwe sipankamera tsitsi, n'kumati, "Inandimeta ndi miyala ya Nyakoko yomwe ndinkasenza." Ife tinkaseka, ubwana.

Munatisiyira mawu amodzi okha: tikakolola tizikathira ufa wa mapira pamanda a Chanazi, mwana wanu woyamba, pangodya ya khoma pomwe munamuika nokha popanda wolira nanu. Achimwene anga a Zuze, poti ndiwo kapitawo wa omanga, anandiuza ndi pakamwa pawo kuti, "Mlongo, manda ali bwino, ndawatchinga ndi minga." Ndinakhulupirira, Amayi. Nanga munthu woyamwa naye bere limodzi n'kumukayikira?

Lachiwiri ndinaoloka pa bwato, ufa uli m'kansengwa. Pangodya paja palibe minga, palibenso mphika wanu wobooka uja munaika pamanda. Amangapo khonde la njerwa, aikapo mipando, azungu akumwa tiyi pamwamba pa mwana wanu. Zuze, pakuti sindimutchulanso achimwene, anali mu mkanjo woyera, akufotokozera alendo kuti Nyakoko anali tate wa anthu, makomawo anthu ankamanga akuimba. Atandiona anandikokera pambali. "Osati pano iwe, undichotsetsa ntchito. Kathire kuseri, mzimu upeza wokha."

Ndinagwada pakati pa mipando pomwepo, ndinaomba m'manja, ndinatchula dzina la Chanazi ndi lanu, n'kuthira ufa wonse. Mzungu wamkazi anaseka, ankayesa ndi gule. Ndisanadzuke n'komwe, Zuze anali atatenga tsache. Sanatume wantchito ayi. Anasesa yekha ine ndikuona, n'kukataya kwa nkhuku.

Zandiwawa kuposa tsiku lomwe tinakuikani. Adzukulu a Nyakoko sindiwadandaula, Chanazi sakumudziwa. Koma Zuze ankapita nanu pamanda amenewo ali kumsana kwanu, kuomba m'manja anaphunzirira pomwepo.

Mumuuze Chanazi kuti ufa wake ndinabweretsa, asandikwiyire ine. Mapira akadzachanso ndidzaoloka, ndidzathira pakhonde pomwepo, chaka ndi chaka. Zuze azisesa mpaka tsache limuthere m'manja.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Maliya