Tadala Wapita Kukamvetsera Pansi pa Nyanja

Amayi anga, kaya muli bwanji kumene muliko? Kuno ku Wheaton, ku Amereka, tadzuka, kungoti kwayamba kuzizira ndipo mitengo yonse yayoyoka masamba. Kumudzi ku Ntcheu akuti chimanga chinachita bwino m'munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi uja. Joyce, mng'ono wanga, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Pachithunzi mphumi yake ndi yanu yomwe ija.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima ukhale pansi. Nkhani yeniyeni ndi ya mdzukulu wanu Tadala, ndipo ndakubisirani nthawi yaitali. Munkandiuza kuti, "Esnart, ukaopa uzinena, usamangoyang'ana pansi." Ndiye ndikunena. Ndikuopa, Amayi.

Mwina mukukumbuka a Walter, mzungu wokalamba amene ndimawasamalira ku Arlington, m'nyumba zosanja zija. Ndinkakuuzani za iwo pa foni. Ndimawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwapatsa mankhwala. Za dzulo amaiwala, nthawi zina ndi dzina langa lomwe, koma za sitima yawo saiwala kanthu. Chithunzi chake chili pakhoma: sitima yankhondo yotuwa, yaitali, yokhala ndi nambala yaikulu kutsogolo. Mtundu umenewu amati firigeti. Ntchito yake inali kusaka sitima za adani zimene zimayenda pansi pa madzi osaoneka.

Anaikwera ili yatsopano, penti ikununkhabe, iwo ndevu zisanamere bwino. Ankakhala m'kachipinda kopanda windo, zomvetsera zili m'makutu, kumvetsera zapansi pa nyanja. Amati nsomba zimachita phokoso, anamgumi amaimba, koma injini ya mdani ili ndi kaliridwe kakekake. Kwa zaka zambiri sitimayo inkaperekeza sitima zikuluzikulu kumpoto kozizira, kumene madzi ankaundana pa zingwe. Ulendo wina analondola sitima imodzi ya pansi pa madzi masabata awiri osaiona ndi maso, akudziwa kuti nayonso ikuwamvetsera. Palibe amene anawombera mnzake. Koma chaka chotsatira moto unabuka kuchipinda cha injini, ndipo mnzawo amene ankagona pa bedi la pamwamba pawo anafera momwemo, chifukwa chitseko chinayenera kutsekedwa kuti moto usafike kwa enawo. Sitimayo anaikonza, inagwiranso ntchito, itakalamba anaipereka ku dziko lina kumene anaisintha dzina. Pomaliza anaikokera pakati pa nyanja ilibe munthu, asilikali n'kuphunzirapo kuwombera mpaka inamira. Akafika pamenepa a Walter amayambiranso pa penti paja.

Ine ndinkamva nkhaniyi ndikupinda zovala, kulowera khutu ili kutulukira linali. Koma Tadala atamaliza sukulu ankabwera ndi galimoto kudzanditenga ndikaweruka, ndipo ankakhala pa mpando kumvetsera, kufunsa mafunso. Mukukumbuka titabwera kumudzi ali ndi zaka zisanu ndi zitatu? Ankadziwa amene akubwera pongomva mapazi kuseri kwa mpanda, inu n'kumaseka kuti mwanayu makutu ake si a kwathu.

Patapita miyezi itatu chiikireni maliro anu, tili m'galimoto taima pa maloboti, anandiuza kuti walembetsa usilikali wa pamadzi. Ndinamukalipira m'Chichewa, iye akuyankha m'Chingerezi monga achitira ana a kuno. Ndinati, "Kwathu palibe amene amadziwa ndi kusambira komwe, iwe ukukafuna chiyani kumeneko?" Anati, "Mami, ndapeza chinthu chimene ndimachitha." A Phiri, abambo ake, atabwera kuchokera ku ntchito ku Landover anangoti mwana wakula, tisamugwire mwendo. Sindinawalankhule masiku atatu.

Maphunziro anakhoza bwino. Tsopano akugwira ntchito yomwe ija ya a Walter, pa sitima ina ya masiku ano. Ananyamuka mu Ogasiti, ndipo tinapita kudoko kukamutsanzika. Onse anafola m'mphepete mwa sitima atavala zoyera, ofanana okhaokha. Ndinabaibitsa mwana wa eni mpaka a Phiri anandiuza kuti wathu ndi uyo kumapeto.

Poyamba ankalemba pa imelo pakapita masiku awiri kapena atatu. Ankati wasanza, wazolowera, chakudya chilibe mchere. Kenako zii. Sabata inatha, yachiwiri inatha. Kumene sitima ili saloledwa kunena, ndiye ndinalibe ndi malo oti ndiloze pa mapu. Pa TV akaonetsa sitima zankhondo ndinkazimitsa, kenako n'kuyatsanso. Ku ntchito ndinawaveka a Walter malaya chotembenuza, ine amene ndagwira ntchito imeneyi zaka zonsezi.

M'mawa wina mutu wawo unali bwino, ndipo ndikuwameta ndinawafunsa chifukwa chimene Tadala wasiyira kulemba. Anandigwira pamkono n'kunena kuti, "Akakhala chete ndiye kuti akusaka. Amatseka mauthenga onse, ngakhale supuni salola kuti igwe pansi. Chikachitika choipa salemba kalata. Amabwera anthu awiri ovala bwino kudzagogoda pakhomo." Ankafuna kundilimbitsa mtima. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuopa chitseko changa chomwe.

Loweruka lotsatira, masana, a Phiri ali ku ntchito, ndinamva kugogoda. Nditasuzumira pa kabowo ka chitseko ndinaona azibambo awiri ovala majekete akuda, mmodzi atagwira mapepala. Ndinakhala pansi pomwepo, msana uli kuchitseko, dzanja lili pakamwa. Anagogodanso. Ndinaganiza kuti ndikapanda kutsegula, Tadala akhalabe ndi moyo mpaka nditatsegula. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji. Atagogoda kachitatu ndinatsegula ndili chogwada.

Anali anthu a eni nyumba, odzayesa zipangizo zija zimalira kukakhala utsi. Mmodzi anali bambo wa ku Lusaka. Atamva ndikuitana dzina lanu m'Chichewa anaika mapepala pansi, nati, "Amai, ni chani? Mwadwala?" Anandikhazika pa mpando, n'kunditungira madzi pa mpopi wanga womwe, mnzake akuyang'ana kudenga mwamanyazi. Atapita ndinalira ngati mmene ndinalirira pa manda anu, komabe palibe amene anamwalira.

Uthenga unafika patatha masiku makumi awiri ndi atatu, mizere itatu yokha. Anati ali bwino, sanganene kumene ali, ndipo ndiwauze a Walter kuti anamgumi wawamva, amaimbadi. Pansi pake analemba m'Chichewa chake chopotoka chija kuti, "Musadandawule Mami." Ndinawerenga ndili mu basi, ndipo ndinapitirira pamene ndimatsikira.

Ndinakawauza a Walter, koma tsiku limenelo sankamudziwa Tadala. Anangoyang'ana chithunzi cha pakhoma n'kundifunsa ngati sitimayo ikuyandamabe. Ndinati eya, ikuyandama. Sindikudziwa ngati ndinanama, poti ine ndinkanena ina.

Musaganize kuti mantha atha. Kwatsala miyezi inayi kuti abwere, ndipo lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chikhalireninso chete. Ndauza a kutchalitchi kuti akamabwera kunyumba aziyamba aimba foni. A Phiri amaika kiyi pachitseko akutsokomola kuti ndidziwe kuti ndi iwo. Nawonso lamba wawo aboolanso bowo lina.

Amalume akufunsa za tsiku loika chiliza pa manda anu. Ndawauza kuti adikire. Tadala sanabwere ku maliro anu, ndipo ndikukulonjezani kuti akangoponda pamtunda ndidzabwera naye, adzagwade pamenepo, akuuzeni yekha zimene wamva pansi pa madzi.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikudziwa mmene munkamukondera, mmene munkamubisira nthochi zakupsa kuti anzake asaone. Ngati kumene muliko mumatha kuona panyanja, muzimuyang'anira. Koma musamuitane, Amayi. Mundisiyire ameneyu.

Ndine mwana wanu wokukondani nthawi zonse,
Esnart