Silinda ya tsiku loipa

Lachinayi, mvula tsiku lonse. Mutu wanga sukugwira.

Lole yobweretsa mpweya wa okosijeni yatitimira m'matope pamsewu wa ku Mzuzu. Tatsala ndi silinda imodzi, ija a Mhone, akulu anga pantchito yogonetsa odwala kufiyeta, amaitsekera m'kachipinda. Amati ndi ya tsiku loipa.

Masana namwino anabwera kudzaipempha chifukwa mwana wina amabanika kuwodi.

"Nanga akabwera mayi wofunika opaleshoni, mumupatsa chiyani?" anatifunsa a Mhone, ine ndi namwinoyo. Namwino anabwerera chimanjamanja.

Mayiyo sanabwere. Mwana akupumabe, koma movutikira.

Mawa a Mhone akupita kumaliro, kiyi wa kachipinda kaja andisiyira ine. Ngati lero silinali tsiku loipa, loipalo ndidzalidziwa bwanji?