Mlandu wa Buku Lokana Kutha

MFUNDO ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA GULU LA ATELALA

Tsiku: Lachitatu, 14 Meyi
Malo: Chipinda chodulira nsalu, kuseri kwa shopu
Opezekapo: Wapampando, Msungichuma, Mlembi, Bambo Odula Nsalu, Mayi a Mabatani, Wosita
Oitanidwa: Mayi Owerenga, omwe sali m'komiti
Opepesa: Wokonza Makina. Anatumiza uthenga woti dzino lawavuta, ngakhale masana anaoneka akutafuna bwinobwino.

1. Kutsegula msonkhano

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 4 koloko madzulo. Anati nkhani ndi imodzi yokha ndipo anapempha mamembala kuti asapse mtima. Mamembala anali atapsa mtima kale. Mipando inakwanira a komiti okha, choncho Mayi Owerenga anakhala pa mpukutu wa nsalu ya mayunifolomu.

2. Mfundo za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga mfundo za msonkhano wa mu Novembala. Wapampando anapempha kuti chigamulo chachitatu chiwerengedwe kawiri kuti wina asadzati sanamve.

Chigamulocho chimanena kuti Mayi Owerenga sangathenso kusoka chifukwa manja awo amanjenjemera, ndipo kwa zaka zingapo ntchito yawo m'gulu yakhala yowerengera anzawo mabuku a nthano mokweza masana aliwonse, anzawowo akusoka. Chimanenanso kuti gulu lagula makina atsopano opinda m'mphepete mwa nsalu, ndipo makinawo akufuna malo apawindo pomwe pali mpando wa mayiwo. Choncho komiti inagamula kuti kuwerenga kudzatha buku lomwe linali m'manja likadzatha.

Mlembi anakumbutsa msonkhano kuti malamulo a gulu amati munthu wopanda ntchito m'shopu si membala, ndiye kutha kwa bukulo ndi kuthanso kwa umembala wa Mayi Owerenga. Anati aliyense anazindikira zimenezi tsiku lomwelo, kungoti onse anayang'ana kumbali. Anawonjezera kuti mayiwa ndi mmodzi mwa amayi omwe anayambitsa gulu lino ndi makina amodzi a pamanja, pakhonde la nyumba yalendi, ena mwa okhala pamipandowa asanadziwe kulowetsa ulusi m'singano. Msungichuma anati mbiri ya gulu siili pa ndandanda wa zokambirana.

Wapampando anati vuto nali: tili mu Meyi, bukulo ndi lopyapyala ngati sopo wotsala pang'ono kutha, koma mpaka lero silinathe. Makina atsopano akadali m'katoni yake pansi pa tebulo lodulira.

Mfundozo zinavomerezedwa.

3. Ndewu ya Lolemba

Pofuna kuthandiza amene adzawerenge mfundozi m'tsogolo, Mlembi akufotokoza kuti bukulo likunena za mfumu ina yomwe inatsekera mphepo yonse m'mitsuko, kotero kuti zombo zinangoima pakati pa nyanja. M'chombo chimodzi muli mnyamata. Mlongo wake, mwana wa wopota zingwe, akuyenda kuphwanya mitsukoyo umodzi umodzi kuti mphepo ibwerere, m'bale wakeyo afike kwawo.

Bambo Odula Nsalu anafotokoza kuti iwo analephera kupirira. Anati Lachisanu nkhani inaimira pomwe madzi akumwa m'chombomo anali atatha, ndipo iwo sakanatha kudikira mpaka Lolemba. Anayendayenda kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu mpaka anapeza buku lenilenilo. Ataliwerenga anachita kakasi. M'bukumo mitsuko ilimo itatu yokha, pomwe m'shopu muno mtsikanayo waphwanya kale yochuluka mpaka anthu anasiya kuwerengera. Mlonda wa maso atatu mulibe. Mzinda wa anthu oyenda chafutambuyo mulibe. Ndipo pamapeto pake mphepo ikubwera mochedwa, mnyamatayo atafa kale.

Anavomera kuti mapetowo anawaulula pa nthawi ya tiyi, anthu onse akumva. Anati sanafune kupweteka wina aliyense, amangofuna anthu adziwe kuti iwo afika kumapeto ena onse asanafike.

Mayi a Mabatani anavomera kuti anawagenda ndi chitini cha mabatani. Anati sakupepesa. Msonkhano ukudziwa kuti mwana wawo wamwamuna anapita kunja kukafuna ntchito ndipo foni yake inasiya kulira kalekale. Mayiwo anati munthu sungaphe mwana wa eni pa nthawi ya tiyi, kapu ili m'manja, n'kumaseka.

Wapampando anati za ndewu zithere pomwepo. Anapempha aliyense wopeza batani pansi kuti alibweze.

4. Yankho la Mayi Owerenga

Wapampando anafunsa Mayi Owerenga ngati n'zoona kuti buku linatha kale. Mayiwo anati n'zoona, linatha Khrisimasi isanafike. Anati tsiku lomwe anafika pa tsamba lomaliza anaona zomwe wolembayo anamuchita mnyamata, anayang'ana Mayi a Mabatani, kenako anayang'ananso katoni ija pansi pa tebulo, ndipo anangobwerera m'mbuyo masamba angapo n'kupitiriza kuyankhula. Kuyambira pamenepo akhala akutsegula buku, kuvala magalasi, n'kumanena zochokera m'mutu mwawo.

Msungichuma anafunsa ngati anachita zimenezi chifukwa chomvera chisoni Mayi a Mabatani kapena pofuna kuteteza mpando wawo. Mayi Owerenga anayankha mawu awa, ndipo Mlembi wawalemba momwe anatulukira: "Zonse ziwiri, achimwene. Mukufuna ndiname kuti sindimaopa kukakhala kunyumba n'kumayang'ana khoma? Ndimaopa. Koma nanunso masana aja sindinakuoneni mukutseka makutu."

Msungichuma anati chimenechi ndi chinyengo. Anatinso ali ndi dandaulo lawolawo. Kuyambira mu Januwale m'nkhanimo munalowa kapitawo wa mfumu, wamfupi, wa pensulo kukhutu, amene amayeza mphepo ndi tepi ndipo chiganizo chilichonse amachiyamba ndi mawu oti "malinga ndi malamulo". Anati malinga ndi malamulo, kunyoza mkulu wa gulu ndi mlandu. Wosita anatsokomola kwa nthawi yaitali ndipo anapatsidwa madzi.

Mlembi atafunsidwa ngati ankadziwa za chinyengochi, popeza Mayi Owerenga ndi alamu ake, mkazi wa malemu achimwene ake, anayankha kuti amene amakhala pafupi ndi windo anaona kuti masamba sakusuntha, ndipo okhala pafupi ndi windo ndi ambiri. Wapampando, amene makina awo ali pafupi ndi windo, anati tipitirize.

5. Ngati kuwerenga kuli ndi phindu ku gulu

Msungichuma anati nthano za mphepo ya m'mitsuko sizisoka yunifolomu. Anati ndi zinthu za ana, ndipo n'zochititsa manyazi kuti anthu a imvi amaimitsa makina kuti amve ngati mlonda wa maso atatu wagona. Anakumbutsa msonkhano za tsiku lomwe mwini oda yaikulu ya maovololo analowa mwadzidzidzi n'kupeza makina onse ali zii, azimayi akupukuta misozi ndi zidutswa za nsalu yake.

Wosita anapempha kuti ayankhule ataimirira, ati anazolowera. Anati iye amakhala chilili pa simbi kuyambira m'mawa, nthunzi ili kumaso, ndipo miyendo imasiya kupweteka nthawi imodzi yokha, Mayi Owerenga akatsegula buku. Anati sukulu anaisiyira panjira, moti zonse zomwe amadziwa za anthu akale anazimvera muno, m'buku lija la mzinda womwe unazingidwa ndi adani mpaka anthu anayamba kuphika zikopa za nsapato. Anati kuyambira pamenepo akamaona zinthu zikuthina kunyumba amakumbuka kuti ena anaonapo zoposa ndipo mzinda wawo unatsala. Anafunsa ngati makina atsopanowo adzamuuze zimenezo.

Wapampando anati iwonso buku la mzinda lija analikonda, chifukwa zimenezo n'zakale ndipo mwina zinachitikadi, osati za mitsukozi. Wosita anawakumbutsa kuti ndi iwo omwe anasoka kolala chadodolido tsiku lomwe mtsikana anagwidwa ndi alonda. Wapampando anati ulusi unali woipa.

Mayi a Mabatani anati mwana wawo wamkazi, chitsirizira, anali atasiya kuwayankhula, ankangolowa m'chipinda n'kutseka chitseko. Chaka chatha, pomwe m'shopu munkawerengedwa buku la mtsikana wa kusukulu yogonera komweko yemwe anzake ankamusala, iwo ankapita nayo nkhaniyo kunyumba madzulo n'kumaifotokoza akutsuka mbale. Tsiku lina mwanayo anayankhira kuseri kwa chitseko kuti mtsikanayo asawakhululukire anzakewo. Anati umo ndi momwe anadziwira zomwe mwana wawo ankakumana nazo kusukulu.

Bambo Odula Nsalu anati iwo sakutsutsa zonsezi. Anavomeranso kuti nkhani ya Mayi Owerenga ndi yokoma kuposa ya m'buku lomwe anagula. Koma anati chimene chikuwawawa n'chakuti miyezi yonseyi ankakhulupirira kuti mapeto alipo kale, olembedwa, ndipo ndi pomwe mtima wawo unkatsamira. Tsopano adziwa kuti mnyamatayo moyo wake uli m'manja mwa munthu amene amamuona tsiku lililonse akumwa tiyi. Anati sangamvetserenso ngati kale.

Msungichuma anati mawu okoma amveka, koma katoni ikadali pansi pa tebulo.

6. Chigamulo

Msungichuma anapereka ganizo loti chigamulo cha mu Novembala chitsatidwe, ndipo Mayi Owerenga amalize nkhani yawo Lachisanu lino, mpando uchoke, makina aikidwe. Bambo Odula Nsalu anavomereza ganizolo.

Wapampando anati Mlembi, pokhala wachibale, asaponye voti koma azilemba. Mlembi akulemba.

Ataona kuti Mayi a Mabatani ndi Wosita akana, ndipo kuti mlanduwo ugwera Wapampando amene anali atayamba kale kupukuta thukuta, Msungichuma anawonjezera mfundo ina pa ganizo lawo. Anati komiti ilamule kuti pamapeto a Lachisanuwo mphepo ibwere nthawi yabwino, mnyamata afike kwawo wamoyo, mayi ake amulandire padoko. Ananena mawu amenewa akuyang'ana Mayi a Mabatani.

Mlembi akufuna zilembedwe kuti pa zaka zonse zomwe wakhala m'komiti ino sanaonepo chinthu chauve ngati chimenechi. Wapampando anati mawu oti "chauve" achotsedwe. Sanachotsedwe.

Ovomereza: Msungichuma, Bambo Odula Nsalu, Mayi a Mabatani. Mayi a Mabatani anakweza dzanja mochedwa, atazyolika. Wokana: Wosita. Ganizo linadutsa ndipo Wapampando sanafunikenso kusankha mbali.

Wapampando anathokoza Mayi Owerenga chifukwa cha ntchito yawo ya zaka zambiri ndipo anati khomo la shopu ndi lotsegula, azibwera kudzacheza. Anawafunsa ngati amva zoyenera kuchita Lachisanu.

Mayi Owerenga anati amva, koma Lachisanu sabwera. Anati anasokapo madiresi ambiri motsatira zofuna za eni ake, ena oipa ndithu, koma nkhani sasoka pa oda. Anavula magalasi n'kuwaika m'chikwama. Manja anawavuta potseka zipi ndipo Wosita anawathandiza. Buku analisiya pa tebulo lodulira, ati ndi katundu wa gulu.

7. Zina ndi zina

Msungichuma anapempha kuti Wokonza Makina auzidwe kuti abwere mawa m'mawa, popeza palibenso chodikira.

Bambo Odula Nsalu anafunsa ngati gulu lingagule wailesi.

Mayi Owerenga ali pakhomo, Mayi a Mabatani anadzuka osapempha chilolezo kwa Wapampando n'kuwagwira dzanja. Popeza msonkhano unali usanatsekedwe, Mlembi walemba zomwe zinanenedwa.

Mayi a Mabatani anati: "Amayi, ndikhululukireni. Ingondiuzani ine ndekha, sindiuza munthu. Afika kwawo mwanayo?"

Wapampando anasiya kusonkhanitsa mapepala. Ngakhale Msungichuma anatembenuka.

Mayi Owerenga anati: "Sindikukumanani, mwanawe. Sindikudziwa. Ine zimandibwerera ndikakhala pamene paja, makina akulira, inu mukumvetsera. Ndikadzuka ndimakhala ngati inu nomwe, ndimadikira mawa."

Anatuluka. Mayi a Mabatani anatsala chilili pakhomo mpaka Wapampando anawapempha kuti akhale pansi kuti atseke msonkhano. Sanakhale.

8. Msonkhano wotsatira

Msonkhano wotsatira udzakhalako Lachitatu, 11 Juni, m'chipinda chomwechi. Pa ndandanda padzakhala nkhani yosankha Mlembi wina.

9. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi ya 6 koloko madzulo. Anapempha wina kuti atseke ndi pemphero, koma sanapezeke wodzipereka.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________