Dzina Lanu Lili pa Tsamba 31

Wimbe,
Kasungu.
14 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Levison,

Ndalemba kuti okondedwa chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kusukulu, koma ndakukwiyirani kwambiri. Kuno tili moyo. Fodya tatsala pang'ono kumaliza kusankha.

Kaya ku Joniko mwamva. Khothi latulutsa zikalata za mlandu uja wa atsikana amene ankatengedwa m'maesiteti muno powanamiza ntchito, n'kukawagulitsa kwa mabwana ku loji ina mumzinda. Zikalatazo zili pa foni iliyonse. Lachiwiri lapitali tili m'chigafa, mayi wina anayamba kuwerenga mayina mokweza ngati zotsatira za mayeso, anthu n'kumaseka. Mwadzidzidzi onse anatembenuka, maso pa ine.

Ndinamulanda foniyo. Tsamba 12: Perpetua Mphepo, zaka 19, mudzi wake, mpingo wake, mpaka dzina la amayi. Mng'ono wanga, mlongo wanu, amene apolisi anamulonjeza kuti akapereka umboni dzina lake lidzabisidwa! Koma mabwana amene ankabwera ndi magalimoto akuluakulu aja mayina awo awapaka inki yakuda. Bwana A, Bwana B. Iwo akudya ndi ana awo mwamtendere, pamene Perpetua sangapite ngakhale kumjigo.

Ndinapitiriza kuwerenga. Tsamba 31: Levison Mphepo, dalaivala.

Achimwene, ndinakuikirani kumbuyo. Ndinauza anthu m'chigafamo kuti kutchulidwa m'zikalata si kulakwa, dalaivala amangopita kumene watumidwa. Ndinalankhula mpaka mawu kusasa. Kenako ndinapita kunyumba, n'kumupeza Perpetua akusenda mtedza kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamufunsa.

Sanalire. Anati, "Achemwali, ulendo woyamba, pamene anakandisiya kuloji kuja, mwina achimwene sankadziwa. Koma patatha mwezi anabweretsa atsikana ena awiri a ku Chulu. Ndinawathamangira pageti, ndinawagwira malaya, ndinawauza zonse zimene ankatichita m'zipinda muja. Anandichotsa dzanja n'kunena kuti, 'Pirira, ukufuna andichotse ntchito?' Basi analiza galimoto."

Ndiyankheni, achimwene. Munaliza galimoto? Munafika kuno madzulo ake, amayi anakuphererani nkhuku, munadya n'kutiuza kuti mwana ali bwino, wanenepa, akuyala mabedi a alendo. Nkhukuyo inadutsa bwanji pakhosi panu? Ndiye mlandu utangoyamba munati mwapeza ntchito ku Joni, ife n'kukuperekezani mpaka pa Chamama tikukupemphererani.

Mudziwenso izi. Akwawo kwa Ernest, mnyamata amene amafuna kumukwatira uja, atumiza ankhoswe kudzanena kuti za chinkhoswe ziyambe zaima. Lamulungu kutchalitchi amayi awiri anasuntha pabenchi Perpetua atakhala. Pamsika anyamata akumuitana kuti Tsamba Thwelofu. Iye ndi amene analimba mtima n'kuima pamaso pa apolisi kuti atsikana ena apulumuke, lero ndiye wasanduka choseketsa.

Inenso sindine woyera. Ndine ndinamusitira diresi tsiku limene munabwera kudzamutenga, ndikunyadira kuti m'banja mwathu wina akagwira ntchito mumzinda. Atathawa n'kubwera patatha miyezi inayi, wowonda, wosalankhula, ndinamukalipira kuti ndi waulesi, wachititsa manyazi achimwene amene anamupezera ntchito. Dzana ndinamugwadira pansi kumupepesa, iye n'kunena kuti, "Dzukani achemwali, inu simunkadziwa." Mawu amenewo kwa inu sangawanene.

Pempho langa ndi limodzi. Mlandu ukulowanso pa 3 Juni. Bwerani. Bwana A ndi Bwana B inu mukuwadziwa nkhope, nyumba zawo, ngakhale nambala za magalimoto awo. Kaimeni m'khothi muwatchule mayina mmodzimmodzi, mokweza ngati mmene linatchulidwira la mlongo wanu m'chigafa. Mwina akumangani. Ndidzakubweretserani chakudya kundende mwezi uliwonse, ndikulonjeza. Koma mukakhala chete, musadzatumizenso katundu kuno. Nsapato munatumiza zija zili m'katoni momwemo, palibe wazivala.

Amayi za tsamba 31 sakudziwa. Maso awo saonanso zolemba, ndipo aliyense akuopa kuwauza. Ndawasungira mpaka tsiku la mlandu. Likadutsa inu osaoneka, ndidzawawerengera ndekha, liwu ndi liwu.

Panopa akhala pakhonde pafupi nane, akudziwa kuti ndikulembera inu. Akuti ndikupatseni moni wambiri. Akuti amva kuti kumeneko kwayamba kuzizira, ndiye mugule bulangete lokhuthala, musamagone ndi njala. Akuti mwana wawo wamwamuna ndinu nokha ndipo amakutchulani m'pemphero tsiku lililonse. Alamu anu ndi ana akuperekanso moni. Perpetua ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndilembe. Wati ayi.

Ndine mlongo wanu,
Fainess