Kawaya ka Pachitseko cha Makina

Durban
9 Novembala

Okondedwa achemwali a Belita,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Fort Lister. Kodi mayi mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndili moyo, koma ndikati ndili bwino ndinama. Kalatayi ndapatsira bambo wina wa ku Migowi amene akwera basi Lachisanu. Foni ndilibe, inaphwanyikira m'thumba la malaya pa tsiku limene ndikufuna kukufotokozeranili.

Paja ntchito ya ku fakitale ya chakudya cha nkhuku anandipezera ndi alamu anga a Thomson, achimwene ake a mkazi wanga Enelesi. Iwo ndi akapitawo pamenepo. Pamalo pamene ndinkagwira pali makina amene eni ake amati loboti. Ndi dzanja limodzi lachitsulo, lalitali kuposa nyumba ya mayi, lozikika mkati mwa mpanda. Limatola matumba pa lamba woyenda n'kumawasanja pathabwa. Likasanja thumba limabwerera, liwerame pang'ono ngati munthu wopereka moni, kenako litole lina. Anzanga analipatsa dzina loti Abusa chifukwa cha kuweramako. Masiku oyamba ndinkaliopa, mpanda womwewo sindinkautsamira. Mwezi utatha ndinayamba kuliona ngati munthu wofatsa woti sangakupweteke.

Nthawi zina thumba limagona mopendekeka. Lamulo lake n'lakuti utsegule chitseko cha mpanda, makina azime okha, uwongole thumba, utuluke, uyatsenso. Koma zimenezo zimachedwetsa ntchito, ndipo mabwana amakalipira akapitawo. Ndiye a Thomson anamanga kawaya pachitseko paja kuti ngakhale chitsegulidwe makina asazime. Kulowa makina akuyenda anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Anati n'chimodzimodzi kusinja: munsi ukakwera dzanja lilowe mumtondo kubweza chimanga, usanatsike lituluke. Anati Abusa akawerama ndilowe, ndiwerenge mpaka zinayi, ndikhale nditatuluka. Ndinachita zimenezo miyezi isanu popanda chovuta.

Chimene sindinaganize n'chakuti inu mukagwira munsi mumakhala ndi maso. Mukaona dzanja la mnzanu lachedwa mumaimitsa. Lachiwiri lina m'mawa, okonza makina anawonjezera liwiro. A Thomson anauzidwa, ine sanandiuze. Cha m'ma teni koloko thumba linapendekeka. Abusa anawerama, ine ndinalowa, ndisanafike ndi pa ziwiri pomwe anali atatembenuka kale. Anandimenya paphewa lakumanzere n'kundiponyera pampanda. Ndinathyoka fupa la pakati pa khosi ndi phewa, ndi nthiti ziwiri.

Achemwali, ululu ndaupirira. Chimene chikundidya mumtima ndi ichi. Nditagona pansi paja maso anga ankaona. Ndinawaona a Thomson akubwera chothamanga, mtima unakhala pansi kuti mbale wafika. Koma anaima pachitseko, n'kumasula kawaya kaja, n'kukaika m'thumba la buluku. Atatero m'pamene anabwera kudzandigwira mutu n'kumakuwa kuti anthu athandize.

Kwa mabwana anakanena kuti ndinakwera mpanda ndekha. Ntchito yandithera. Imeneyo si nkhani, ndikachira ndizipeza maganyu. Koma dzana mnzanga anandibwereka foni ndipo ndinaimbira Enelesi. Anandiyankha ngati akulankhula ndi mlendo. Anati achimwene ake anamuuza kale kuti tsikulo ndinapita kuntchito nditaledzera, komanso kuti kuno ndalowerera ndi mowa. Inu mukundidziwa, ngakhale thobwa likasasa pang'ono sindimwa. Anatinso a Thomson akubwera pa Khirisimasi kudzakhala pansi ndi abale kuti aone ngati ndili woyenera kubwerera pakhomo paja. Mwana wanga Praise ndinkamumva akulira chapatali. Nditapempha kuti amuike foni kukhutu amve mawu a bambo ake, Enelesi anadula.

Ine ku Jenala, kwawo kwa Enelesi, ndine mkamwini. Nyumba ija ndinamanga pa dothi lawo, njerwa ndinaumba ndekha. A Thomson ndiwo eni mbumba, ndiwo amalume a mwana wanga. Akanena kuti ndichoke ndichoka ndi chikwama chokha, Praise atsala. Mwanayo ndinamusiya akukwawa, pano akuti akuthamanga, ine sindinaonepo. Ndipo chimene akufunira kuti ndikhale kutali ndikuchidziwa. Amene anaona kawaya kaja kakulowa m'thumba ndine ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Musadikire Khirisimasi. Kalatayi ikangofika tengani njinga ya amuna anu, mudzere kwa amalume a Dickson poti ndiwo ankhoswe anga, mupitire limodzi ku Jenala. Mukamuwerengere Enelesi kalata yonseyi apongozi ali pomwepo. Musakakangane nawo, paja inu simuchedwa kupsa mtima. Mukangomupempha kuti achimwene ake akadzafika, adzawafunse pamaso pa anthu kuti atandipeza pansi paja anayamba kugwira chiyani. Asawafunse pafoni. Adzawayang'ane kumaso. Iye ndi mlongo wawo, anakulira limodzi, adzadziwa.

Makina aja ndilibe nawo mlandu. Iwo sanandione.

Mundiperekere moni kwa mayi, koma za nthiti musawauze, mungoti ndi phewa. Moni kwa alamu, kwa amalume ndi kwa ana onse. Mukafika ku Jenala mukamunyamule Praise m'malo mwanga. Mukamuuze kuti phewa lakumanja lili bwinobwino, ndidzamukweza pomwepo.

Ndine mlongo wanu,
Fletcher