Tayala la Kumanzere Lasiya Kugogoda

Lolemba, 9 Juni

Galimoto iyi idzandiphera mwana. Ndalemba pano chifukwa ndikanena pakamwa akundiseka.

Pali chimene chikugogoda kutsogolo, mbali ya kumanzere, pansi pa mapazi anga penipeni. Gu! tikaponda dzenje. Gu-gu! pa hampu ya pasukulu paja. Ndimachimva m'zidendene chisanafike kukhutu. Bambo a Kanyerere sakumva, kapena safuna kumva. Ndikati tamverani, iwo amakweza wailesi. Akuti, "Nkhalamba iliyonse imalira mawondo, mayi. Iyi inandinyamula ine ndikadavala kabudula." Zoona, inali ya malemu bambo awo. Amaipukuta kuposa nsapato zawo.

Loweruka akuti tonse tipite kwa apongozi. Akudwala, akufuna kuona mdzukulu. Msewu wake ndi wa kuphiri uja, wokhotakhota, kumbali kuli phompho. Kanyerere wanga ali ndi zaka zitatu basi. Lero amayimba pa mpando wakumbuyo, "gu-gu, gu-gu," uku akuomba m'manja. Bambo ake kuseka.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaimbira achimwene. Iwo ndi makaniko, koma pakhomo pano sapondapo kuyambira tsiku lija anaitcha galimotoyi khola la nkhuku pamaso pa alendo. Iwo ankati ndi nthabwala. Alamu awo sanasekebe mpaka lero.

Mafunso ngati kuchipatala. Kodi mukakhota kwambiri imalira ta-ta-ta ngati makina osokera? Ayi. Liwiro likakwera imang'ung'uza ngati njuchi? Ayi. Mukatsika hampu imadumphadumpha ngati matiresi? Pang'ono, koma zimenezo ndi zakale. Nanga chiwongolero? Ndinati ine sindiyendetsa, koma ndimaona. Ngakhale msewu uli woongoka manja a bambo a Kanyerere sapuma, amangoti uku, uku, ngati galimoto ikufuna kwina.

Apa mafunso anatha.

Kenako akuti pita ukapapase tayala la kumanzerelo, cha mkati. Ndapita. Kunja mizere ilipo bwinobwino. Mkati mwasalala ngati chikhatho.

Ndawapempha abwere. Akuti, "Mlongo wanga, galimoto ya mwamuna mnzanga sindingaigwire mwini wake asanandiitane. Tingadane mpaka kumanda. Andiimbire yekha, ndibwera ngakhale chakudya chili mkamwa."

Lachitatu, 11 Juni

Ndinadikira bambo a Kanyerere akhute kaye, ndiye ndinawauza zimene achimwene ananena. Anaika supuni pansi mwakachetechete. "Ndiye galimoto yanga mukuikambirana kumbali? Auzeni alamu akawete nkhuku zawo kwina."

Sanandiyankhulenso. Kanyerere ndi amene akutinyamulira mawu. "Adadi akuti mchere."

Lachinayi, 12 Juni

Apita kuntchito wapansi, akuti nkhalamba ipume ulendo usanafike. Kiyi anasiya pa msomali.

Ndinaitana mayi atelala a khomo linalo. Achimwene anati pafunika anthu awiri, wina agwedeze chiwongolero, wina akhale pansi. Atelala anakhala pa mpando wa dalaivala ali ndi tepi yawo m'khosi. "Ine laisensi ndapeza lero! Amuna anu akatipeza munene kuti tikusaka mphaka."

Ine ndinayala thumba, ndinagona chagada kuseri kwa tayala, foni pakhutu. Fungo la oyilo, dothi kugwera m'maso. Achimwene akuti fufuza kachitsulo kowonda kochokera pakati pa galimoto, kumapeto kwake kali ndi mutu ngati bondo, wovala kamphira. Ndinakapeza. Kamphirako kanang'ambika kalekale, mkati mouma, mukutuluka fumbi lofiira. Akuti ika dzanja pamutupo, osati pakati pa zitsulo, ungataye chala.

Atelala anagwedeza. Gu. M'dzanja mwanga momwemu. Anabweza. Gu. Chitsulo chikuyamba kuyenda chokha, tayala likutsatira pambuyo, ngati mwana wotumidwa asakufuna. Tinayesa mbali ya kumanja kuti ndione kusiyana. Kumeneko zii, zonse zikuyendera limodzi.

"Imeneyo ndi tayirodi," anatero achimwene. "Ndiye dzanja limene limagwira tayala kuti limvere chiwongolero. Mutuwo ukazuka, tayala limapita kwake, woyendetsa kwake."

Ndinafunsa kuti uzuka liti.

"Mwina chaka chamawa. Mwina pa geti pompo. Sichitsanzika chimenecho."

Atelala anasiya nthabwala. Anandichotsa udzu m'tsitsi, nkubwerera ku makina awo.

Lachisanu, 13 Juni

Yasiya kugogoda.

Bambo a Kanyerere aweruka msanga, analowa pansi pa galimoto okha. Ndiye kuti anandimva Lachitatu lija! Atatuluka, nkhope yowala, akuti kwerani tizungulire. Dzenje la pa golosale, zii. Hampu ya pasukulu, zii. Anazimitsa wailesi dala. "Mwamva chiyani, mayi a Kanyerere? Makaniko muli naye m'nyumba mwanu momwemo, inu nkumakafuna kutali." Anandigwira bondo. Ndinaseka nawo. Ndinkafunitsitsa kukhulupirira.

Pokataya zinyalala kuseri ndinapeza chubu chakale cha njinga, chodulidwa m'litali. Sizasi yanga ili pambali.

Ndinakasuzumira. Mutu uja aukulunga ndi mphira, kuzunguliza, kuzunguliza, nkumanga mfundo, ngati chala chodwala. Ntchito yaukhondo ndithu. Anachita ndi mtima wonse, ndi zimene zikundipweteka.

Achimwene pa foni: "Sanakonze ameneyo. Wangoitseka pakamwa. Poyamba imakuchenjezani, pano izuka mwakachetechete." Ndinati ndiye bwerani. Akuti mawu awo ndi omwe aja.

Alamu anga aakazi, amene akudwazika apongozi, aimba. Akuti amayi asiya kudya, akungofunsa ngati mwana wawo wanyamuka. Bambo a Kanyerere alongedza kale zikwama m'buti. Ndinayesa kunena za basi. Akuti basi imathera m'munsi mwa phiri, nanga amayi akafunika kuthamangira nawo kuchipatala tidzawabereka kumsana?

Pomusambitsa, Kanyerere wandifunsa, "Amama, gu-gu wapita kuti?"

Loweruka, 14 Juni

Ndikulemba ndili m'galimoto, kope pa bondo. Manja akufuna chogwira, apo ayi ndikuwa.

M'mawa uno bambo a Kanyerere atalowa kubafa ndinatenga sizasi. Sindinafune kuwononga. Ndinkangofuna kugogoda kubwerere, akumve ndi makutu awo tisanatuluke pa geti. Ndinadula mfundo, mphira inamasuka yokha. Ndinakodola atelala pa mpanda, anabwera ndi mswachi mkamwa. Ndinati gwedezani kamodzi kokha.

Anagwedeza. Sikunamveke gu. Mutu uja unangovuka ngati chivindikiro cha botolo, chitsulo nkugwa pansi pafupi ndi khutu langa. Atelala anapitiriza kupotoza osadziwa. Tayala la kumanja likutembenuka. La kumanzere langoima, kuyang'ana kwake.

Ndi mmene anatipezera bambo a Kanyerere, thaulo lili paphewa. Atelala anatsika mwaulemu, "Mwadzuka bwanji, bambo," nkuthawa.

Ndinkadikira kukalipiridwa. Sanakalipe. Anagwada, anatola chitsulo chija, anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana matayala, ili, kenako ilo. Anayang'ananso Kanyerere, amene anali pakhomo atavala kale diresi yake ya ulendo, nsapato mosemphanitsa.

Foni yawo inalira. Alamu aakazi aja. Ndinangomva iwo akuti, "Tikubwera, auzeni tikubwera." Anapita kuseri, anabwerako ndi chubu chotsala chija.

Pamenepo ndinanyamula mwana, ndinalowa muno, ndinakhoma zitseko zonse. Kiyi ali m'bulauzi.

Agogoda pa galasi, osati mwaukali. Maso ofiira. "Mayi a Kanyerere, tsegulani. Ndimanga molimba kuposa dzulo. Ndiyenda pang'onopang'ono. Amayi akundidikira."

Ndatsitsa galasi pang'ono, polowa zala zokha. Ndati inenso ndikufuna tikawapeze amayi, koma tifike tonse atatu. Imbirani alamu anu. Chitsulocho chikapezeka, masana tili pamsewu.

Anaima, chubu chikulendewera m'manja. Kanyerere wakanikiza mphuno pa galasi, akuwapangira nkhope. Kenako ayankhula motsitsa, moti ndinachita kutchera khutu.

"Nambala yawo ndinafufuta."

Ndadutsitsa foni yanga pa mpata paja. Ailandira. Chubu sanachitaye, achikoleka paphewa. Aima chotembenuka, foni pakhutu, ndipo ndikuimva ikuitana mpaka muno. Ikuitana. Ikuitanabe.

Achimwene, yankhani. Musaseke, musatchule nkhuku. Tengani zitsulo zanu mubwere pompano, chonde, asanasinthe maganizo.