Gwape Amene Ndinalonjeza Delbert

Lachisanu, 21 Novembala

Ndafika kumsasa wathu wosakira agwape masana. Chipale chofewa mpaka m'akakolo. Chitseko chinakakamira, ndachita kuchikankha ndi phewa. Mabedi onse aja, munthu ndekha. Mbewa zadya bulangeti la mlenje mnzathu, malemu Toivo.

Pobwera ndinadzera kwa mnzanga Delbert, kunyumba yosamalira okalamba. Chimugwireni sitiroko pakamwa panapotoka, koma chipongwe chikadalipo. Akuti, "Iwe Reino, ndi maso akowo ukawombera ng'ombe ya eni ake. Ukandibweretsere nyama ya gwape ya kumsana, ndatopa nalo phala la kuno." Ndamulonjeza. Kuyambira tili anyamata, aka n'koyamba kubwera kosaka popanda iye.

Loweruka, 22 Novembala

Tsiku lotsegulira nyengo yosaka. Kale pofika m'mawa chonchi mfuti zinkathetheka ngati mbuliwuli pamoto. Lero ndangomva ziwiri, kutali. Ndinakhala pansanja yanga ya mumtengo mpaka zala kuuma.

Agwape aakazi awiri ndi kamwana anadutsa pansi panga penipeni. Ndinangowaonera. Chaka chino kuno kumpoto akulola amphongo okha, akuti chisanu chathachi chinapha ambiri. Kuwanyengerera ndi chimanga nakonso analetsa, chifukwa cha nthenda ya muubongo ija imene amapatsirana akamadyera pamodzi. Sindikutsutsa. Koma nkhalango yangoti zii.

Lolemba, 24 Novembala

Palibe. Mapazi a mimbulu kudambo.

Ndinapita kubala ya pamphambano kukamwa khofi. Kunena zoona, kukamva mawu a anthu. Kale ukapha gwape unkabwera naye pano kudzamulembetsa. Magalimoto ndandanda, aliyense kusuzumira m'galimoto ya mnzake, mabodza okhaokha. Masiku ano munthu amalembetsa pafoni ali kutchire komweko, n'kumapita kwawo.

Ndinapeza Marlys, mwini bala, akupukuta matebulo oti sanade. Akuti pawailesi anena kuti ophedwa achepanso poyerekeza ndi chaka chatha. "Achepa ndi agwape kapena alenje? Ine ndikuti alenje. Kaoneni kuseri kwa tchalitchi, onse agona kumeneko." Tinaseka, koma pang'ono.

Lachitatu, 26 Novembala

Mwana wanga Kirsti waimba kuchokera kumzinda wa Minneapolis, kuti mawa ndikadye nawo nkhukundembo ya chikondwerero cha tsiku lothokoza. Kenaka nkhani yake ija: "Adadi, msasawo muugulitse basi. Mukadzagwa pansanjapo adzakuonani ndani?" Ndangoti ndamva. Msonkho wa malo nawonso wakwera, zimenezo sindinamuuze.

Sindipita. Masiku osaka atsala ochepa, ndipo ndinalonjeza.

Lachinayi, 27 Novembala

Nyemba za m'chitini. Mphepo tsiku lonse. Ndadzipeza ndikukalipira mbaula ngati munthu.

Lachisanu, 28 Novembala

Wabwera. M'mawa, kuchokera kudambo. Wamphongo, nyanga zake zotambalala, zanthambi zambiri. Mtima unagunda ngati wa kamnyamata. Kenaka ndinaona mayendedwe ake. Kudzandira ngati woledzera, nthiti zili pamtunda, mutu wolendewera, dovu chuchuchu. Anandiyang'ana osathawa. Gwape wabwinobwino sayang'ana munthu chotero.

Chiphaso changa chosakira n'cha gwape mmodzi basi. Kumusiya uyu, mwina mawa kukanabwera wina wodyeka. Ndinaganiza za Delbert ndi nyama yake ya kumsana. Mfuti ndinaitsitsa. Ndiye anagwada ndi miyendo yakutsogolo. Anayesa kudzuka, n'kugwanso, mphuno m'chipale. Ndinawombera.

Ndinaimbira oyang'anira nyama zakutchire. Kunabwera mayi wachitsikana wa yunifomu, anadula mutu kuti akaupime. "Musadyeko, bambo, ngakhale kachidutswa. Mwamuchitira chifundo." Akuti akapeza nthenda ya muubongo ija adzandipatsa chiphaso china, koma zotsatira zidzatuluka nyengo yosaka itatsekedwa kale. Nyanga zapita ndi mutu. Thupi ananyamulanso.

Ndinamupempha alowe amweko khofi. Anali ndi kwina kopita.

Lamulungu, 30 Novembala

Tsiku lotseka. Pansanja sindinakwere. Ndinapita kwa Delbert chimanjamanja. Panjira ndinaima pasitolo, n'kunyamula phukusi la nyama ya ng'ombe kuti ndikamunamize. Ndinalibwezera pomwe linali. Mdala uja wadya agwape moyo wake wonse, sungamupusitse.

Ndinamuuza zonse. Za nyama sanafunse n'komwe. Namwino anandinong'oneza pakhomo kuti sabata ino sakuthanso kumeza cholimba. Wawonda. Delbert ankangofuna kudziwa kumene mphepo inkachokera, pamene gwapeyo anatulukira, kaya kumanzere kwa mtengo wogwa uja kaya kumanja. Ine ndikufotokoza, iye maso ali chitsinzinire, dzanja lake losapuwala likuloza m'mwamba ngati akuona njira yake.

"Chipolopolo chimodzi? Iweyo? Usandinamize, ndine wodwala."

Kenaka anati, "Chaka chamawa udzanditenge. Udzangondikhazika pakhonde ndi bulangeti, ndizidzamva mfuti."

Namwino anali kumbuyo kwake. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

Lachiwiri, 2 Disembala

Msasa ndimayenera kutseka dzulo. Ndikadali kuno.

Khonde lili ndi masitepe, njinga ya olumala singakwere. Ndagula matabwa ndi misomali kuti ndikhome chokwerera chotsetsereka. Nthaka yauma gwa ndi chisanu, mizati sikulowa. Ndasonkha moto pamenepo kuti pafewe.

Ndikudziwa chimene namwino ankatanthauza. Ndikudziwa.

Khomo nalonso n'lopapatiza. Mawa ndichotsa felemu.